Buku la ku Perisiya limene ndinalisoka chambuyo

Ine ntchito yanga ndi nsapato. Ndakhala pakhonde la golosale ina ku Katawa kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka lero pamene latsala la m'makutu lokha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma ine ndi aphunzitsi tinaona kuti taphunzitsana zokwanira. Kwathu ndi ku Phalombe. Ku Mzuzu kuno ndinabwera kudzaona mlamu wanga kwa sabata ziwiri, ndipo sabata ziwirizo sizinathebe.

Kupatula nsapato, ndimasokanso mabuku. Anandiyambitsa ndi amayi a kutchalitchi. Chinyezi cha kuno sichiopa ngakhale Mawu a Mulungu: Baibulo limafufuma, buku la nyimbo limayoyoka masamba, ndiye amabwera nalo kwa ine. Ulusi womwewo wa nsapato, singano yomweyo, kaguluu pang'ono, buku ladzuka. Ndinatchuka nazo. Kutchukako ndi kumene kunandigwetsa.

Panali mkulu wina amene ankabweretsa nsapato zake kwa ine zaka zambiri. Woyera khungu, mphuno yaitali, nsidze ngati burashi yanga yopolishira. Ena ankati ndi mmwenye, ena mzungu, ena Mwarabu. Tsiku lina ndinamufunsa ndekha.

"Ine ndine wa ku Irani, a Mmisiri," anatero. "Kale ankati Perisiya."

"Perisiya wa m'Baibulo uja? Ine ndimayesa anthu ake anathera m'Chipangano Chakale."

"Tinatsalako ochepa," anatero, "ndipo mmodzi nsapato yake yabooka."

Kuyambira pamenepo tinagwirizana. Iye ankanditchula kuti a Mmisiri, ine ndinkati adada, monga timachitira kuno. Anabwera ku Malawi ali mnyamata, n'kumakonza zigayo ndi mijigo m'midzi yonse ya kumpoto. Anakwatira mayi wa ku Rumphi, n'kumanga nyumba ku Kaning'ina, chakufupi ndi nkhalango. Mayiyo anamwalira, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, amene pa nthawi ya nkhani ino anali kale namwino wamkulu msinkhu. Za kwawo sankakamba zambiri. Ankangoti chitseko chinatsekedwa iye ali panja, basi.

M'mawa wina wa mu Juni, chifunga chili goo, anafika ndi kaphukusi kokulunga m'chitenje cha malemu mkazi wake. Ndinayesa ndi nsapato za ukwati.

"Monire adada. Lero mwanditengera chiyani?"

"Monire a Mmisiri. Lero ndabwera ndi bambo anga."

Anamasula. Linali buku lakale, chikuto chothetheka, kumsana kwake kutatseguka, masamba ena atathothoka, m'mbali muli nkhungu yobiriwira. Zolembamo zinali ngati mmene nkhuku imapalasira pamchenga wonyowa, koma nkhuku yake yaluso, yodziwa chimene ikuchita.

Anandiuza kuti ndi ndakatulo, zolembedwa zaka mazanamazana zapitazo. Bambo ake anamupatsira m'manja tsiku limene ankachoka kwawo, ndipo sanaonanenso. Ine ndinaseka pang'ono, poti ndakatulo ine ndinkazidziwa ngati zinthu zolakatula ana a sukulu pa tsiku lotsekera, alendo akuwodzera.

"Kwathu si choncho," anatero. "Kwathu woyendetsa lole amazidziwa, wogulitsa nyama amazidziwa. Munthu akafuna kufunsira mkazi, kulira maliro, kapena kunyoza mnzake mwaulemu, amabwereka mawu m'menemu. Mafumu anasinthana, ankhondo anabwera n'kupita, koma izi agogo anga anazinena, ine ndikuzinena. Ndikamazinena ndimadziwa kuti ndine wa kwinakwake."

Anandiuzanso mwambo wawo. Munthu chikamuvuta mumtima, amagwira bukulo, n'kutsinzina, n'kufunsa funso lake chamumtima, kenako n'kutsegula paliponse. Ndakatulo imene wapezayo ndiye yankho.

"Ndiye kuti ndi ula," ndinatero.

"Ayi. Ndi kucheza ndi akuluakulu."

"Ndi ula wophunzira, adada."

Anaseka, koma dzanja silinachoke pabukupo. Anapempha kuti akhale pomwepo ndikamasoka, aziona. Apa ndi pamene satana wa kunyada anandikwera paphewa.

"Adada, kodi ine ndimabwera kudzakuyang'anirani mukamamasula chigayo? Mabaibulo angati adutsa m'manja muno? Pitani, mubwere Lachisanu."

Anapita, akucheukacheuka ngati mayi wosiya khanda kwa anansi.

Tsono mverani mmene mmisiri wotchuka anagwirira ntchito. Ndinadula ulusi wonse wakale. Dzuwa litatuluka ndinayanika masamba pakhonde, mwala pamwamba pa lililonse, kuti nkhungu iume. Kenako ndinawatolera. Manambala a masamba sindinawaone, kapena ndinawaona koma ndinayesa ndi mawanga a ntchentche. Ndinangosanja mmene anagwirizanirana: odetsedwa ndi odetsedwa anzake, oyererako ndi oyererako anzake. Ndinaonanso kuti tsamba lokongola kwambiri, la maluwa ofiira ndi a golide, linali kumapeto kwa buku. Ndinati, koma amene anasoka poyamba anali ataledzera. Tsamba lotere limakhala kutsogolo. Ndinalibweretsa kutsogolo. Tsamba lina lothimbirira kwambiri ndinaliona ngati latha ntchito, ndinalimata ndi guluu mkati mwa chikuto kuti chilimbe. Chikutocho ndinachidula pa chikopa cha chikwama chakale, n'kuchipolisha mpaka kuwala. Ndinasoka mothina, kusoka koti ngakhale ng'ombe ziwiri zikokerane sizingang'ambe.

Palibe anandiuza kuti anthu a ku Perisiya buku amaliyambira kumene ife timathera, ndipo mzere amauwerenga kuchokera kumanja. Kunena zoona, munthu amene akanandiuza ndinamuthamangitsa ndekha.

Lachisanu anabwera ndi mwana wake uja, akuchokera kokapimitsa maso. Ndinapereka bukulo ndi manja awiri, chifuwa chili patsogolo, anzanga a bawo pakhondepo akuonerera. Mkuluyo anasisita chikuto, n'kugwedeza mutu kuti chakongola. Kenako analitembenuza, n'kutsegula chakumbuyo. Analiyandikiza kumaso mpaka mphuno kugunda pepala. Anatsegula tsamba lina. Analizondotsa. Anatsegulanso lina.

"A Mmisiri," anatero motsitsa, "apa mbalame imalira m'munda wa maluwa. Ndatsegula tsamba lotsatira, ndapeza tili pamaliro a mfumu. Ndipo mfumuyo yaima ndi mutu."

A bawo anaseka. Ine ndinayamba kuseka nawo, koma ndinaona kuti mwini wake sakuseka. Anakhala pabenchi langa la makasitomala, buku pamiyendo. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangoti:

"Maso anga sangathenso kulibwezera. Adokotala anena lero kuti tizilembo tating'ono ndingotsanzikana nato. Ndimafuna ndilisiye lili bwino."

Mu Mzuzu monse munalibe munthu wina wodziwa kuwerenga zilembo zimenezo. Buku linali m'manja mwake, lolimba kuposa kale, koma lakufa. Ndinalipha ndi ine.

Mwana wake ndiye sanandinyengerere.

"Madala, mwachita chiyani? Mukapanda kudziwa chinthu simufunsa? Chinthu chimodzi chokha chimene adada anabwera nacho kuchokera kwawo!"

Ine ndikapanikizika pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Ndinati, "Pepani mama. Koma nanga inu, si buku la kwanu ili? Likonzeni, ine ndisokenso."

"Ine sinditha kuwerenga zimenezi," anatero.

A bawo anasiya kusewera. Mkuluyo anayang'ana kumsewu. Pamenepo ndinadziwa kuti ndaponda pachilonda chakale. Ndinadzamva pambuyo pake, kwa namwinoyo mwini wake, kuti ali mwana anzake kusukulu ankamuseka bambo ake akabwera kudzamutenga n'kumamuyankhula chinenero chachilendo pageti. Tsiku lina anawauza akulira kuti asadzayankhulenso zimenezo kwa iye. Bambowo anamvera. Anamvera mopitirira, moti sanayankhulenso ngakhale kunyumba.

Loweruka sindinatsegule pakhonde. Ndinatenga mpeni, singano ndi ulusi, n'kukwera kabaza mpaka ku Kaning'ina. Mkuluyo ndinamupeza panja akuwothera dzuwa.

"Mwabwera kudzamaliza?" anandifunsa.

"Ndabwera kudzaphwasula, adada. Kuphwasula ndiye ndimakhoza."

Ndinadula ulusi wanga wonyaditsa uja, n'kuyala masamba patebulo la m'chipinda chochezera. Sindinkadziwa chochita, ndinkangofuna andione kuti ndikuvutika nawo. Koma diso la wosoka nsapato linazolowera kufunafuna inzake ya nsapato. Ndikuyang'anayang'ana, ndinaona kuti pansi pa masamba ambiri, pakona, pali kamawu kamodzi kokhala pakokha, ngati kamwana kotsalira anzake atalowa m'kalasi.

"Adada, aka n'kachiyani?"

Ndinamugwiritsa chala pamalopo. Anadzimenya pachipumi.

"Ndakalambadi! Amenewo ndi mawu oyamba a tsamba lotsatira. Olemba akale ankawaika pamenepo kuti wosoka asasokoneze."

"Ndiye kuti osoka a kwanu nawonso anali mbuli ngati ine."

"Anali mbuli zofunsa," anatero.

Tsono ntchito inaoneka: kupeza tsamba limene mawu ake oyamba akufanana ndi kamawu ka pakona. Kumanzere ndi kumanja, ngati nsapato. Ndinavala magalasi anga a pamsika n'kuyamba. Pofika masana ndinali nditapeza awiri, ndipo onse anali olakwa. Zilembo zawo zimasiyana ndi timadontho: kadontho kamodzi pamwamba ndi china, tiwiri pansi ndi chinanso. Maso anga ankaona timadontho ngakhale pamene panalibe.

Namwino uja anafika kuchokera kuntchito, yunifolomu ili m'thupi. Anaima pakhomo osalonjera, n'kumationerera madala awiri, wina wosaona, wina wosadziwa, tikukangana pa kadontho. Anapirira mphindi zingapo.

"Sunthani, madala," anatero. "Mukuipitsiratu."

Ndinasuntha msanga. Munthu wopeza mtsempha pamkono wa khanda sangalephere kadontho. Anatenga tsamba, n'kuyang'ana kamawu ka pakona, n'kuyendetsa maso patebulo lonse, n'kutola lina. "Ili." Koma kuti titsimikize panafunika bambo ake amve kuti mawuwo ndi ati. Ndiye anatenga pepala ndi cholembera chonenepa, n'kujambula kamawuko mokulitsa ngati chikwangwani cha golosale.

"Wayambira kolakwika, mama," anatero bambo ake, nkhope ili pafupi ndi pepala. "Yambira kumanja."

"Mwaona?" ndinatero ine. "Si ine ndekha."

"Inu khalani chete."

Anajambulanso kuyambira kumanja. Mkuluyo anawerenga mawuwo mokweza, n'kutsinzina, ndipo zotsatira zake zinangotuluka zokha pakamwa, mzere ndi mzere, tsamba lonse, osaona. Aka kanali koyamba kumva chinenero chake chikuyenda. Sindinamve kanthu, koma chinali ndi kayendedwe, ngati munthu wopalasa njinga pamsewu wosalala: kutsika, kukwera, n'kubwerera pa liwu lomwe lija kumapeto. Munthu amene ndinkamudziwa ndi Chichewa chopindikapindika, chosakaniza ndi Chitumbuka, uyu akuyankhula ngati mfumu.

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse linali la ku Kaning'ina. Kunena zoona ine ntchito ndinalibe, poti kusoka kunali kutali. Ndinkapitira tiyi. Tiyi wawo ndi wopanda mkaka, m'kagalasi kakang'ono, shuga umaika m'kamwa osati m'kapu. Ndinawauza kuti kumeneko ndi kumana alendo mwanzeru, koma ndinkamwa magalasi anayi.

Namwinoyo poyamba ankangofananitsa zithunzi. Kenako anayamba kufunsa. "Adada, aka kokhala ngati mbedza n'kachiyani?" Amuuza. "Nanga aka ka mano atatu?" Amuuza. Sabata yachitatu sankajambulanso pepala, ankangotchula yekha mawuwo, mokakamira ngati galimoto yokana kulira m'mawa, bambo ake n'kumawongola. Akafunsa tanthauzo, mkuluyo ankavutika kulibweretsa m'Chichewa. Zambiri zinali za munthu wolekana ndi wokondedwa wake, za minda, za maluwa, za vinyo.

"Vinyo yenseyu, adada?" ndinafunsa. "Anthu a kwanu ankagwira ntchito nthawi yanji?"

"Si vinyo wa m'botolo, a Mmisiri. Ndi chimwemwe cha munthu amene wayandikira kwa Mulungu."

"Nanenso ndinkawauza choncho mayi a kunyumba, koma sankakhulupirira."

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la mvula yowaza, ija ya kuno yosadziwa kalendala. Namwinoyo anatchula mawu a pakona, bambo ake n'kuyamba kulakatula monga mwa masiku onse. Ali pakati, anatsamwa ndi tiyi n'kuyamba kutsokomola. Ndipo mzere umene anausiya panjira unamalizidwa ndi mwana wake. Sanayang'ane papepala. Unangotuluka.

Onse awiri anadzidzimuka.

"Wauwerenga pati?" anafunsa bambowo.

"Sindinawerenge. Sindikudziwanso tanthauzo lake. Koma ndikuudziwa." Anagwira pakamwa. "Si uja munkandiimbira pondisambitsa m'beseni lobiriwira?"

Mkuluyo anavula magalasi. Mwana wake, mayi wamkulu woopedwa ndi odwala, anagwada pambali pa mpando n'kuika mutu pabondo la bambo ake. Ine ndinatuluka panja kukaona ngati mvula yasiya. Maso anga ankayabwa, ndikuganiza kuti ndi guluu, ngakhale kuti tsiku limenelo guluu ndinamusiya ku Katawa.

Ndili panjapo ndinakumbuka bambo anga. Iwo anali Mlomwe weniweni. Akamasema mipini ankang'ung'udza nyimbo za Chilomwe, ife ana n'kumaseka kuti ndi zachimidzi. Lero Chilomwe chimene ndikudziwa ine ndi moni ndi mawu atatu otukwanira. Ana anga amayankhula Chitumbuka ndi Chingerezi, Chichewa amachisungira ine ngati mankhwala a nkhalamba. Mnzangayu anali ndi buku loti n'kulisokoneza. Ine ndikanapita ndi chiyani kwa wosoka? Mawa lake ndinaimbira foni mlongo wanga wamkulu ku Phalombe, n'kumupempha andiimbire nyimbo ija ya mipini.

"Achimwene, mukudwala?" anandifunsa. "Nenani zoona, adokotala akuti chiyani?"

Koma anaimba. Ndinaigwira theka, ndipo ndimaing'ung'udza ndikamakhoma zidendene. A bawo amati ndayamba misala.

Masamba onse atapeza anzawo, panatsala mpata umodzi. Kamawu ka pakona kanalipo, koma tsamba loyamba ndi mawuwo panalibe. Anafunafuna pansi pa tebulo, m'chitenje muja, paliponse. Ine ndinali chete, ndikumwa tiyi mwaulemu kwambiri.

"Madala," anatero namwinoyo, "mwafatsa bwanji lero?"

Ndinaulula za tsamba lothimbirira lija ndinalimata mkati mwa chikuto. Tinayesa kulimatula ndi nthunzi ya ketulo. Guluu wanga ndi wabwino, ndimanyadira, ndipo tsiku limenelo anaonetsa ubwino wake: tsamba linatuluka theka, theka linatsala pachikopa.

Ndinadikira kukalipiridwa. Koma mkuluyo anangoti, "Ndakatulo imeneyo ili m'mutu muno. Mama, tenga pepala labwino."

Anailemba masiku awiri a Loweruka. Bambo akunena liwu, mwana akulemba, kufufuta, kulembanso. Zilembo zake zinali zonenepa, zopendama, ngati ana a bakha pakati pa nkhanga za olemba akale aja. Iye anachita manyazi, ankafuna alembenso. Bambo ake anakana. Anayendetsa zala papepalapo, poti cholembera chinadinda kwambiri moti zilembo zinkamveka ndi khungu, n'kunena kuti lilowe momwemo.

Ndinasoka kachiwiri patebulo lomwelo, namwino ataima kumbuyo kwanga ngati kapitawo wa kumunda wa tiyi.

"Kumanja, madala! Chikuto chikutsegukira kumanja!"

"Ndamva, mama."

"Munamvanso ulendo woyamba."

Nditamanga mfundo yomaliza ndinapereka bukulo, ulendo uno chifuwa chili m'malo mwake. Mkuluyo analigwira ndi manja awiri, n'kutsinzina nthawi yaitali, milomo ikugwedera pang'ono. Ndinadziwa kuti akuchita mwambo uja, akufunsa funso lake. Analowetsa chala pakati pa masamba n'kutsegula. Anayang'ana, koma panalibe chimene akanaona. Ndiye anatambasula manja n'kupereka kwa mwana wake.

Anawerenga ngati wa Sitandade 1. Liwu, kupuma, liwu, kubwerera. Bambo ake ankamuwongola apa ndi apo, motsitsa, osamutsogolera. Mizere imene mwini wake akanaithamanga pa mpweya umodzi inatenga nthawi yoti tiyi wanga anazizira. Koma anafika kumapeto.

Mkuluyo akundiperekeza kugeti, atagwira mkono wanga, ndinamufunsa.

"Adada, munafunsa chiyani kwa akuluakulu anu aja?"

"Ndinafunsa ngati bukuli lidzakhale ndi mwini ine ndikapita."

"Ndiye ayankha kuti chiyani? Poti ine ndinangomva za maluwa."

"Za maluwazo zisiyeni," anatero. "Simunamve amene amawerenga?"

Mkuluyo alipobe, ngakhale maso anatheratu. Nsapato zake sizibookanso poti sayenda kutali, koma mwana wake amabweretsa zake, zoyera za kuntchito zija. Akuti madzulo aliwonse akaweruka amawerengera bambo ake tsamba limodzi, ndipo tsopano amakangana nawo pa matanthauzo. Chaka chatha anabereka mwana wamkazi. Ndinamufunsa kuti amamuimbira chiyani pomusambitsa. Anangoseka, n'kundiuza kuti ndisamale chidendene chakumanzere.

Pakhonde pano nkhaniyi ndimaikamba kawirikawiri, ndipo ndimawauza a bawo kuti ndinasokoneza dala. Ndimati ndinaona kuti m'nyumba imene ija muli anthu awiri ofunika kusokedwa, ndiye ndinayambira buku. Tsiku lina ndikunena zimenezi sindinaone kuti namwino waima kumbuyo kwanga ndi nsapato m'manja.

"Madala, musanamize anthu. Munalakwitsa basi."

"Ndinalakwitsa, mama. Koma ndinalakwitsa bwino."

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka, n'kundiponyera nsapatozo pamiyendo. "Izi zokha musazisoke chambuyo."